Za Maphunziro a Agile: Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Komiti inandipempha kuti ndinenepo pang'ono za maphunziro a agile, popeza ena mwa inu mwakhala mukufunsa ngati n'koyenera kutayirapo ndalama. Ndiyambe ndi nkhani imene imandichititsabe manyazi. Ku ofesi kwathu tinadikira zaka zitatu pulogalamu ya pa kompyuta yosungira mafailo. Zofuna zathu zonse tinazilemba m'chikalata chimodzi chachikulu, kampani n'kupita nacho. Pulogalamuyo itabwera, makalaliki anaiyesa sabata imodzi, n'kubwerera ku mabuku awo akale. Pa zaka zonsezo palibe amene anawafunsapo kanthu, ndipo mmodzi mwa amene anasaina chikalatacho ndi ine ndaima panoyu.

Agile ndi kagwiridwe ka ntchito kopewa zoterezi. M'chaka cha 2001, anthu 17 opanga mapulogalamu anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, nagwirizana kuti ntchito iziperekedwa pang'onopang'ono, mwini wake akuiona, ndipo kusintha maganizo pakati pa ntchito kusamaonedwe ngati mlandu. Njira yotchuka kwambiri ndi Scrum, imene anaikonza Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. Gulu limasankha ntchito yoti ithe pa nthawi yosapitirira mwezi umodzi, limakumana mphindi 15 tsiku ndi tsiku, ndipo nthawiyo ikatha limaonetsa chimene chatheka, osati lipoti.

Tsono za satifiketi. A Scrum Alliance amafuna kuti muyambe mwaphunzira masiku awiri ndi mphunzitsi wovomerezeka musanalembe mayeso, ndipo satifiketi yawo mumaikonzanso pakatha zaka ziwiri zilizonse, polipira. A Scrum.org sakakamiza kulowa m'kalasi. Mumawerenga nokha kabuku kotchedwa Scrum Guide, kamene kali pa intaneti kwaulere, kenaka n'kuyankha mafunso 80 pa mphindi 60, ndipo kuti mukhoze mufunika malikisi 85 pa 100. Satifiketi yawo ya PSM I ilibe malire a nthawi. Konseko malipiro ndi a madola, choncho ine ndikadakhala wachinyamata wofuna ntchito ndikadayamba ndi kabukuko.

Koma ndisakunamizeni, abale anga. Masiku awiri saphunzitsa munthu kuuza bwana wake kuti zimene tapanga mwezi uno sizikugwira ntchito, ndipo pamenepo ndiye povuta. M'boma zimavutanso chifukwa bajeti imavomerezedwa kamodzi pa chaka, ndipo malamulo ogulira katundu amafuna kuti zonse zilembedweretu.

Pempho langa, a Wapampando, ndi lakuti tiyesere pa ntchito yathu yokonza nyumba zogona ophunzira, imene takhala tikuikamba pa misonkhano itatu tsopano. M'malo modikira kuti ndalama zonse zikwane, tiyambe ndi denga la nyumba imodzi, ana amene amagonamo atiuze okha ngati lasiya kudontha, ndipo a Msungichuma azitionetsa chimene chatheka mwezi ndi mwezi.