Mawu a mlendo wolemekezeka pa phwando la ana otsekera sukulu ku Dallas

 Sinditalikitsa, nsima ingazizire.

Ambirife tinagwira chiwongolero titamera kale ndevu. Kuno ku Texas mwana wa zaka 15 amayamba kuphunzira kuyendetsa, pofika 16 ali ndi laisensi yake m'thumba. Koma boma linamangirira makiyi a galimoto ku kaundula wa kusukulu. Mwana wosakwana zaka 18 amene akadali pasukulu akapita ku DPS, ofesi yopereka malaisensi, amamufunsa fomu ya VOE yosainidwa ndi sukulu, yotsimikiza kuti amapezeka m'kalasi masiku 90 pa 100 aliwonse. Lamulo lotere linayambira ku West Virginia mu 1988. Ku Florida ukajomba masiku 15 popanda chifukwa mkati mwa masiku 90, laisensi amayiimitsa.

Ine lamuloli ndimalikonda. Mnyamata amene belu silimudzutsa, makiyi amamudzutsa.

Komatu lero ndabwerera inu makolo, chifukwa nthawi zina wojombetsa mwana ndi ife. Mayi anga atamwalira ku Ntcheu ndinatenga mwana wanga wamkazi kukaika maliro. Tikiti yokwera mtengo ija, ndani angabwerere patatha masiku atatu? Tinakhala masabata atatu, mpaka kusesa. Semesita ya kuno ili ndi masiku pafupifupi 90, ndiye kuti ukaphonya oposa 9 wadutsa malire, ndipo powerengera sasiyanitsa kujomba kwa dala ndi kwa maliro. Titapita kukatenga fomu, mlembi anayang'ana pakompyuta, n'kupukusa mutu. Mwanayo anathera masiku angapo a Loweruka m'kalasi kubweza maola, anzake akumudutsa pamsewu akuimba hutala. Sanandiyankhule sabata yathunthu, ndipo sindinamudzudzule.

Enanso timasiya wamkulu pakhomo kuti alere ang'onoang'ono ife tili ku shifiti yachiwiri. Masiku amenewonso amalembedwa. Mumzinda uno, momwe basi imakusiya kutali ndi kumene ukupita, mwana wopanda laisensi ngakhale kaganyu ka madzulo kamamuvuta.

Choncho musanagule tikiti ya Disembala, yang'anani kalendala ya sukulu. Zikavuta mwadzidzidzi, kaonaneni ndi ahedi musananyamuke, osati mutabwerako.

A wapampando, ndipatseni mayina a anawa ndiyambe kupereka mphatso.