Vutoli Linayamba Liti?

Kuwerenga kwa lero: Marko 9:14-29

 Ine amene ndikukamba nanu sindine m'busa. Ndine mkhristu mnzanu, ndipo nchito yanga ndi ya kucipatala. Ndinaphunzira za maganizo a munthu, ndipo amene ndimaona kwambiri ndi ana a kumidzi. Pacizungu amatichula kuti saikolojisti. Sindilasa nyeleti, sindipereka mapilisi, sinding'amba munthu. Zida zanga ndi makutu, mapepala ojambulapo, dothi loumbira ndi nthawi.

M'nkhani imene tawerenga, atate ena anabweretsa mwana wao kwa Yesu. Mwanayo anali kugwa pansi, kucita thovu kukamwa ndi kuuma thupi, ndipo kawirikawiri anali kugwera pamoto ndi m'madzi. Anthu anali ataunjikana, alembi ndi ophunzira ali pa mkangano. Koma taonani cimene Ambuye anacita asanamuciritse. Anatembenukira kwa atate aja nawafunsa kuti vutoli linayamba liti. Iye amene adziwa zonse anafunsa, nayembekeza yankho. Atate aja anafotokoza, ndipo pofotokozapo anatulutsa ndi mantha ao omwe, mpaka kuvomera kuti cikhulupiriro cao cinali coperewera.

Funso limenelo ndilo loyamba pa nchito yanga tsiku lililonse. Mwana akasintha khalidwe, ife akulu timathamangira kufunsa kuti walakwa ciani, kapena wamulodza ndani. Sitifunsa kawirikawiri kuti zinayamba liti, ndipo panthawiyo pakhomo panacitika zotani.

Ndikuuzeni za mnyamata wina. Dzina lake ndi mudzi wake sindichula, ndipo zina ndasintha kuti asadziwike, pakuti cinsinsi ca wodwala ndi lamulo la nchito yathu. Anali wa zaka 9, wa giredi 3. Anabwera naye ndi agogo ake akazi pa kiliniki ina ya kumudzi tsiku limene tinapitako. Agogo anati, "Adokotala, mwanayu watilemetsa. Wayambanso kukodza pamphasa monga khanda. Kusukulu salankhula. M'mawa uliwonse akuti m'mimba mupweteka. Tamukwapula, tapita naye kumapemphero, koma palibe cisintha."

Coyamba ndinapempha anesi kuti amupime mkodzo ndi magazi, cifukwa likodzo, matenda a shuga ndi matenda a m'cikhodzodzo angacititse mwana kukodza pogona. Thupi linapezeka lili bwino. Ndipo ndinafunsa agogo funso lija. Anawerenga pa zala nati zinayamba pambuyo pokolola cimanga. Ndinafunsa kuti pa nyengo yokolola panacitika ciani. Agogo anakhala cete, kenaka anauza mwana kuti atuluke panja. Amai ake a mwanayo anali atamwalira m'mwezi umenewo. Pa nthawi ya maliro mwana anamutumiza kwa azakhali ake kumudzi wina, ndipo pobwera anamuuza kuti amai ake apita ku Lusaka kukafuna nchito. Anacita zimenezi mwa cikondi, poganiza kuti mwana sangapirire.

Ulendo woyamba mnyamatayo sananene kanthu kwa ine. Ulendo waciwiri tinaumba ng'ombe zadothi, iye cete, ine cete. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wacitatu anaumba mbuzi, naiika patali ndi zinzake. Ndinafunsa kuti mbuziyo yapita kuti. Anati inasowa. Pang'onopang'ono nkhani inatuluka. Masiku ocepa amai ake asanadwale, iye anataya mbuzi kubusa, ndipo amai anamukalipira kwambiri. Tsono mumtima mwake anali atatsimikiza kuti amai anathawa pakhomo cifukwa ca iye. Miyezi yonseyo anali kusenza mlandu umenewo yekha. Galimoto ikamveka pamseu anali kuthamangira kukaona ngati ndi amai. Kusukulu sanafune kupita poopa kuti angabwere iye kulibe.

Mankhwala a mwana uyu sanali m'botolo. Ndinakhala pansi ndi agogo ndi amalume ake, tinapangana mau oti amuuze, osavuta ndi oona: amai anadwala, anamwalira, sadzabweranso, ndipo si cifukwa ca mbuzi kapena ca cinthu ciliconse cimene iye anacita. Anamuuza agogo eni ake, ine ndili pambali. Analira kwambiri, agogo naonso analira. Pambuyo pake anapita naye kumanda pamodzi ndi mkulu wa mpingo, napemphera. Anamupatsa citenje ca amai ake kuti azifunda. Tinagwirizana kuti kukwapula kuleke, azikodza asanagone, ndipo m'mawa umene mphasa yauma amuyamikire. Sizinathe tsiku limodzi. Panapita miyezi, koma mnyamatayo anabwerera kusukulu ndipo anayambanso kusewera mpira ndi anzake.

Abale anga, ana ali ndi cisoni, mantha ndi nkhawa monga ife, koma alibe mau okwanira. Cimene pakamwa palephera kunena, thupi ndi khalidwe zimanena. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa acinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Werengani ana a Sande sukulu pa mpingo panu, mudzaona kuti nkhaniyi ili pakati pathu.

Nanga mungazindikire bwanji? Yang'anani kusintha kumene kwakhalitsa masabata angapo. Mwana wansangala wayamba kudzipatula. Amene anali kukhoza m'kalasi wayamba kulephera. Salota bwino, amadzidzimuka usiku, sadya kapena amadandaula mutu ndi m'mimba koma kucipatala sapeza matenda. Wina amasanduka waukali, womenya anzake. Wina amaopa munthu mmodzi kapena malo amodzi popanda cifukwa cooneka. Pamenepo musafulumire kutenga mkwapulo. Khalani naye pansi pamene mukutong'ola cimanga kapena popita kudimba, mufunse mofatsa, ndipo akayamba kukamba musamudule mau.

Zimene ndimapeza kumbuyo kwa zizindikiro zimenezi n'zodziwika kwa tonse. Imfa ya kholo. Ndeu za atate ndi amai usiku uliwonse, makamaka pamene mowa walowa m'nyumba. Njala, monga ija ya cilala ca 2024, pamene ana ambiri anapita kusukulu osadya. Kusekedwa ndi anzao. Mtsikana kukakamizidwa ukwati ali wamng'ono. Ndiponso cinthu cimene timaopa kuchula, kugwiriridwa, kumene kawirikawiri wocita ndi munthu wodziwika pakhomo. Mwana akakuuzani zotere, mukhulupirireni, muuzeni kuti iye sanalakwe, ndipo pitani naye kucipatala msanga, masiku 3 asanathe, cifukwa mankhwala oteteza ku kacilombo ka HIV amagwira nchito akayambidwa m'maola 72. Kaneneni ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Nkhani yotere siitha ndi mbuzi kapena ndalama za pa bwalo la banja.

Palinso ana amene ubongo wao unavulala kapena umakula mosiyana ndi anzao. Malungo aakulu ofika kumutu, kubadwa movutikira ndi matenda oumitsa khosi zingasiye mwana wocedwa kuphunzira, wosakhazikika kapena wa khunyu. Mwana wotere si waulesi, si wotembereredwa, ndipo amai ake sanacimwe. Pa nchito yanga ndimamuyesa kuti ndione zimene angathe, kenaka ndimalangiza makolo ndi aphunzitsi mmene angamuphunzitsire pang'onopang'ono: kuvala, kusamba, kuwerenga ndalama, kuweta nkhuku.

Za khunyu ndinenepo mau awiri, popeza zizindikiro za mwana wa mu Marko zifanana nalo. Khunyu siliyambukira. Malovu a wodwala sangakupatseni matenda, tsono musathawe mwana akagwa. Mucotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni cam'mbali, ndipo musaike supuni kapena cala m'kamwa mwake. Kugwako kukapitirira mphindi 5, thamangirani kucipatala. A WHO amati mwa anthu 10 a khunyu, okwana 7 angakhale osagwanso ngati apimidwa bwino ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa. Mankhwalawo amapereka ndi madokotala ndi anesi. Gawo langa ndi kuciza manyazi ndi mantha amene matendawa amasiya mwa mwana amene anzake amakana kudya naye mbale imodzi.

Cina colemera ndi ici. Wacinyamata akanena kuti kuli bwino kufa, musaseke, musati akufuna kutiopseza. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa iye, koma kumamutsegulira khomo loti akambe. Musamusiye yekha. Mankhwala opopera thonje ndi ndiwo, ndi aja osungira cimanga, muwatsekere pamalo pamene mwana sangafike, cifukwa ambiri kumidzi amamwa zimenezi pa mkwiyo wa kanthawi kocepa. Ndipo mupite naye kucipatala tsiku lomwelo.

Mwina wina akufunsa kuti, kodi kupita kwa a zamaganizo si kucepa cikhulupiriro? Ine ndimapemphera m'mawa ndisanayambe nchito, ndipo sindinaletsepo banja kupemphera. Mwana akathyoka mwendo timapemphera tili pa njinga kupita kucipatala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, Mulungu anamupatsa tulo, cakudya ndi madzi, kenaka anamufunsa funso namumvetsera. Cimene ndikupemphani n'cakuti pemphero lisapweteke mwana. Kumumanga zingwe, kumusalitsa kudya masiku, kumukuwira pamaso pa gulu kuti ali ndi ziwanda kapena kuti ndi mfiti, kumuletsa mankhwala ake, zonsezi zimaonjezera bala pa bala. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo mu 2019, ndi lamulo loteteza ana mu 2022, ndipo onse awiri amafuna kuti wodwala ndi mwana asungidwe mwaulemu.

Anthu ambiri akamva za matenda a maganizo amaganiza za Chainama ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Koma ana ambiri amene ndimaona safunika kugonekedwa kulikonse. Yambirani pa kiliniki yanu. Anesi akaona kuti vuto ndi lalikulu adzakulemberani kalata yopita nayo ku cipatala ca boma kapena ca mishoni, ndipo ku Chipata Central Hospital kuli cigawo coona za maganizo. Pali ndi nambala ya lamya yaulere ya ana, 116, imene mwana kapena mkulu angaimbe.

Ndisakubiseni, ife a nchito imeneyi ndife ocepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'matauni. Nthawi ya dzinja milatho ikasefukira timalephera kufika kumene tinalonjeza. Pali ana amene ndinawaona kamodzi, osabweranso, cifukwa ndalama ya ulendo inasowa kapena nchito ya kumunda inaculuka, ndipo nkhope zao ndimazikumbukira usiku. Masiku ena ndimafika kunyumba mtima uli wolemera ndi zimene ndamva, ndipo inenso ndimafuna wondimvetsera. Mutipempherere.

Koma cimene candilimbitsa ndi ici: mutu umodzi susenza denga. Ine mwana ndimakhala naye ola limodzi pa mwezi, inu mumakhala naye masiku onse. Ku Zimbabwe, dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi pafupi ndi kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika mumtima, ndipo ambiri anathandizidwa. Kuno kwathu ku Lusaka, alangizi wamba ataphunzitsidwa anathandiza ana amasiye amene anaona zoopsa. Tsono amai a cigwirizano, aphunzitsi a Sande sukulu, madikoni ndi akulu a mpingo, nchitoyi ndi yanunso. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata wa mbuzi uja anacira m'manja mwa agogo ake, ine ndinangothandiza kupeza pamene panali munga.

Nkhani ya mu Marko imatha motere: mwana atagona pansi monga wakufa, anthu ambiri anati wamwalira. Yesu anamugwira dzanja namuimiritsa. Sabata ino ganizirani mwana mmodzi wa pakhomo panu kapena pa mpingo panu amene anthu anamutaya kale mumtima, amene amamuchula wopusa, wamwano kapena wamisala. Pitani kwa amene amamusunga, mufunse kuti zinayamba liti, ndipo mukhale pansi mumve yankho lonse.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu mudziwa misozi ya ana imene ife sitiiona. Tikhululukireni pamene tinakwapula mwana amene anafunika kufungatiridwa. Tipatseni makutu odekha ndi lilime lonena zoona mwacikondi. Limbitsani agogo amene akulera ana amasiye, aphunzitsi, anesi ndi onse ogwira nchito m'zipatala za kumidzi. Mwana amene akumvetsera tsopano ali ndi cinsinsi comulemera, mumupatse munthu wokhulupirika woti amuuze. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.