Oxytetracycline m'khola mwathu: ntchito yake, kuopsa kwake ndi zoyenera kusamala

Mawu a mlangizi wa za ziweto kwa mamembala a sukulu ya alimi

 Sabata yatha titazungulira makola ndinapempha kuti aliyense abweretse mankhwala a ziweto amene akusunga kunyumba. Taonani pamkekapa. Mabotolo ndi timapaketi tambiri apa ndi mankhwala amodzimodzi, angosiyana mayina a makampani. Ena mumati "LA", ena "oxy", ena mumangoti jakisoni wachikasu uja. Dzina lake lenileni ndi oxytetracycline, ndipo lero tikhala pa mankhwala amenewa.

Oxytetracycline ali m'gulu la maantibayotiki, mankhwala olimbana ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya. Anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1950, ndipo anachokera ku kachilombo kena kokhala m'dothi kotchedwa Streptomyces rimosus. Amagwira mitundu yambiri ya mabakiteriya, n'chifukwa chake afala chonchi. Koma mvetsani kagwiridwe kake. Sapha mabakiteriya pompopompo ayi. Amawaletsa kupanga zomangira matupi awo, ndiye amaleka kuswana, kenaka chitetezo cha m'thupi mwa chiweto chimamaliza ntchito. Choncho mbuzi imene mwaibaya n'kuisiya padzuwa yopanda madzi ndi msipu, mwaithandiza theka lokha.

Tiyambe ndi pamene amathandiza. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba ikagwidwa ndi chibayo, ikutsokomola, ikupuma mobanika, mamina ali chuchuchu, thupi latentha, mankhwalawa nthawi zambiri amagwira. Amagwiranso pa zilonda zimene zachita mafinya, pa kuola kwa ziboda nthawi ya dzinja, ndi pa chiweto chimene chikutuluka zonunkha chitabereka. Pa matenda obwera ndi nkhupakupa pali awiri amene amamva mankhwalawa. Oyamba ndi matenda a ndulu, ng'ombe ikamafooka, nkhama zikuyera kapena kuchita chikasu, ndowe zili gwa. Achiwiri ndi heartwater, obwera ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija: mbuzi imayenda modzandira, kuzungulirazungulira, kenaka kugwa n'kumapalasa miyendo. Pa heartwater changu ndiye mankhwala. Mukabaya thupi litangoyamba kutentha, mbuzi imatha kupulumuka, koma ikafika popalasa miyendo mwayi umakhala wochepa kwambiri. Kwa nkhuku, ufa wosungunula m'madzi uja umathandiza pa chimfine chotupitsa nkhope ndi matenda ena a mabakiteriya.

Tsopano pamene sathandiza, ndipo apa ndi pamene ndalama zathu zikuthera. Chitopa ndi vairasi. Nkhuku zikayamba kuodzera, zitosi zobiriwira, makosi kupindika, n'kumafa zisanu lero khumi mawa, mungathire paketi yonse m'madzi, chitopa sichimva. Ndikudziwa wina anena kuti, "Ine ndinapatsa ndipo zitatu zinachira." Zitatuzo zinapulumuka mwa mphamvu zawo, monga zimapulumukiranso kwa mnansi wanu amene sanapereke kalikonse. Chitopa timachitchinga ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, nkhuku zisanadwale. Chigodola cha nkhumba nachonso ndi vairasi, chilibe mankhwala ochiza. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, chimodzimodzi vairasi. Mbuzi yoonda, yotuwa m'zikope, yotupa pansi pa chibwano, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba, ikufuna mankhwala a njoka monga albendazole. Ng'ombe yokodza mkodzo wofiira ikufuna mankhwala ena, monga diminazene. Ng'ombe yotupa mwanabere pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, tikuganizira East Coast Fever, ndipo mankhwala ake enieni ndi buparvaquone. N'zoona kuti popereka katemera wa East Coast Fever alangizi amabayanso oxytetracycline nthawi yomweyo, koma imeneyo ndi njira ya katemera, si ndiye kuti LA achiza ng'ombe imene yagona kale.

Mwaona kuti zizindikiro zimafanana. Safunsa anadya phula. Muziyamba mwaitana mlangizi, kapena kumuimbira foni n'kumufotokozera zimene mukuona. Ndikanakonda gulu lino likanagula chipangizo choyezera kutentha kwa thupi, chisungidwe kwa mlembi. Mbuzi kapena ng'ombe yabwinobwino imakhala pafupifupi madigiri 39. Ikapitirira 40 itapumula pamthunzi, pali chimene chikuchitika m'thupimo.

Tibwere pa mlingo. Tengani mabotolo awiri awa. Ili lalembedwa 10%, ili lalembedwa 20% LA. Maonekedwe ndi amodzi koma kabayidwe n'kosiyana. La 10% lili ndi mamiligalamu 100 mu mililita imodzi, ndipo limabayidwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 3 mpaka 5. La 20% LA lili ndi mamiligalamu 200 mu mililita imodzi, limakhalitsa m'thupi, ndiye mumabaya kamodzi, n'kubwereza pakapita masiku 2 kapena 3 ngati mlangizi waona kuti n'kofunika. Amene amabaya la 10% kamodzi n'kusiya, wapereka mankhwala osakwana. Amene amabaya LA tsiku ndi tsiku, akuotcha impso za chiweto chake. Mlingo wodziwika wa LA ndi mililita imodzi pa makilogalamu 10 alionse a chiweto. Mbuzi ya makilogalamu 25 ilandira mamililita 2.5. Ng'ombe ya makilogalamu 250 ilandira mamililita 25. Komabe zolembedwa pabotolo lanu ndizo muzitsatira, chifukwa makampani amasiyana pang'ono.

Vuto ndi lakuti timayeza chiweto ndi maso. Abambo kumbuyoko mukuseka, koma ndikafunsa kulemera kwa tonde wanu mundiuza manambala atatu osiyana. Mbuzi n'njosavuta: ikani m'thumba kapena m'chitenje cholimba, pachikani pa sikelo yomwe mumayezera soya ija. Ng'ombe timayeza ndi tepi yozunguliza pachifuwa, kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo.

Mankhwalawa amawawa ndipo amatupitsa pobayapo. Ine nditangoyamba ntchito ndinabaya ng'ombe yaikulu mankhwala onse malo amodzi pantchafu, pofuna kufulumira chifukwa inkaponya mateche. Panatupa ngati dzungu, ng'ombeyo inatsimphina masabata awiri, ndipo mwini wake ankati akandiona panjira n'kuyang'ana kumbali. Kulakwa kunali kwanga. Mabotolo ambiri amanena kuti malo amodzi asapitirire mamililita 20 kwa ng'ombe, 10 kwa nkhumba, ndi 5 kwa mbuzi kapena nkhosa. Mankhwala akachuluka, gawani mbali ziwiri. Bayani mkati mwenimweni mwa mnofu, makamaka wapakhosi, ndipo mukalowetsa singano kokani pang'ono kaye muone ngati mukutuluka magazi. Magazi akaoneka, mwalasa mtsempha, sunthani. Oxytetracycline akalowa mumtsempha mofulumira chiweto chimatha kugwa pomwepo. Kumbuyo kwa ntchafu ya mbuzi kumadutsa mtsempha woyendetsa mwendo, mukaulasa mbuzi imakoka mwendo mwina mpaka kalekale. Singano ndi sirinji muziwiritsa, ndipo singano imene yabaya chiweto chodwala isalowenso m'botolo kapena m'chiweto china isanawiritsidwe.

Pali zovuta zina. Chiweto chimene chatha madzi m'thupi chifukwa chotsekula m'mimba, impso zake zimaonongeka msanga ndi mankhwalawa, choncho chiyambe chamwa madzi. Kwa chiweto chabere ndi tiana tating'ono, mankhwalawa amakakhala m'mafupa ndi m'mano amene akukula, ndiye musabaye popanda mlangizi. Ufa wa nkhuku uja musamwetse ng'ombe kapena mbuzi yaikulu. M'chifu mwake muli mabakiteriya abwino amene amagaya udzu, mukawasokoneza chiweto chimaleka kubzikula, chimatupa mimba kapena kutsekula. Abulu nawo ndi osachedwa kutsekula m'mimba koopsa ndi mankhwala amenewa. Nthawi zina chiweto chimadana nawo: kunjenjemera, kutupa nkhope, kupuma movutika patangopita mphindi zochepa. Zikatero itanani mlangizi msanga ndipo musadzabayenso.

Kwa oweta nkhuku, madzi a mankhwala muzisungunula atsopano tsiku lililonse, m'chomwera chapulasitiki choyera, pamthunzi. Oxytetracycline amagwirana ndi laimu komanso chitsulo, akatero salowa bwino m'thupi. Ndiye chitini chadzimbiri sichoyenera, ndipo madzi a mjigo amchere uja komanso chakudya cha nkhuku zoikira, chimene chimakhala ndi laimu wambiri, zimachepetsa mphamvu yake. Pamasiku amenewo nkhuku zisapeze madzi ena. Malizani masiku onse olembedwa papaketi ngakhale zitayamba kuchangamuka. Ndipo chizolowezi chothira kaufa pang'ono m'madzi a anapiye tsiku ndi tsiku "kuti asadwale" tichileke. Anapiye amafuna kutentha, pogona pouma ndi katemera.

Tsopano nkhani imene imatikhudza ife anthu. Mankhwala mukabaya sathera m'khola, amatsalira mu nyama, mu mkaka ndi m'mazira kwa masiku angapo. Pabotolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira. Kwa LA, nyama kawirikawiri ndi masabata atatu, anayi kapena kupitirira, mkaka ndi masiku angapo mpaka sabata kapena kuposa, malinga ndi kampani. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mbuzi mwaibaya Lolemba, Lachitatu sikusintha, Lachinayi mwaitana wa kanyenya kuti mupulumutseko kangachepe. Ndalamayo ndi yofunika, sindikukana. Koma nyamayo adya ndi ana a m'mudzi momwemuno, mwinanso anu, ndipo kuotcha kapena kuphika sikuchotsa mankhwala onse. Kuchipatala mankhwala a gulu limeneli sawapereka wamba kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8 chifukwa amathimbiriritsa mano ndi kukhudza mafupa. Nanga ife tiwapatsirenji kudzera m'kapu ya mkaka? Amayi opanga chambiko mudzaonanso kuti mkaka wa ng'ombe yobayidwa sugwira bwino, chifukwa mankhwala aja amafooketsa mabakiteriya owawasitsa mkaka. Amene mumapereka mkaka kugulu, chigubu chanu chimodzi chikhoza kuipitsa mkaka wa anzanu onse.

Choopsa chachikulu sichioneka ndi maso. Nthawi iliyonse tikapereka mankhwala osakwana, kapena pamatenda osayenera, mabakiteriya ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Zili ngati kupalira kosiya dawe: chaka chamawa munda wonse ndi dawe. Mabakiteriya osamva mankhwalawo amatuluka ndi ndowe ndi zitosi, amalowa m'dimba, pachitsime, m'manja mwa mwana wokwawa pabwalo. Doxycycline amene madokotala amapereka kwa wodwala kolera kwambiri ndi wa banja limodzi ndi oxytetracycline. Mafuta a m'maso amene amapaka ana obadwa kumene, tetracycline, ndi banja lomwelo. Kachilombo kakaphunzira kupirira mmodzi, kawirikawiri kamapiriranso abale akewo. Kafukufuku wamkulu wa padziko lonse anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi amene anakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka 24 Novembala dziko lonse lapansi limakumbutsana za nkhaniyi.

N'chifukwa chake makapisozi awa amene ndawapeza pamkekapa andidandaulitsa. Sinditchula mwini wake. Awa ndi mankhwala a anthu. Ngati anachokera kuchipatala, ndiye kuti pali munthu amene sanamalize mankhwala ake, ndipo nkhuku yalandira mlingo wongoganizira. Taluza pawiri. Kumbali inayi, jakisoni wa ziweto si wa munthu, musayerekeze kubaya kapena kumwetsa munthu, kapena kuthira pachilonda cha mwana. Sungani pamwamba pomwe ana safika, ndipo mukatha kubaya sambani m'manja ndi sopo.

Pogula, pitani kusitolo yovomerezeka ya mankhwala a ziweto. Bungwe loona za mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mankhwala oyalidwa padzuwa tsiku la msika, kapena othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, simungadziwe kuti ndi 10% kapena 20%, kapena ngati ndi mankhwala n'komwe. Onani tsiku lothera ntchito. Botolo ili linatha mphamvu chaka chatha, ndipo taonani mmene ladera ngati tiyi wopanda mkaka. Oxytetracycline akakhalitsa padzuwa kapena pamphepo amada, ndipo wotha ntchito amatha kuononga impso. Limeneli ndilitenga ine, lisatayidwe kudzala kumene ana amatola mabotolo.

Tisanabalalike tigawane m'magulu atatu. Gulu loyamba lipite ndi sikelo kukhola la apampando, aliyense ayambe wanena kulemera kwa mbuzi ndi maso, kenaka muyeze, mulembe kusiyana kwake ndi mlingo wa LA umene mbuziyo ikanalandira. Gulu lachiwiri liwerenge mabotolo onsewa, lilembe mphamvu yake, tsiku lothera ntchito ndi masiku odikira a nyama ndi mkaka. Gulu lachitatu likonze tsamba m'kaundula wathu lokhala ndi malo olemba tsiku, chiweto, zizindikiro, mankhwala, mlingo, ndi tsiku limene nyama kapena mkaka zidzaloledwe. Alembi, muwerengenso nkhuku za membala aliyense, kuti tidziwe mabotolo a I-2 amene tiitanitse mwezi uno usanathe.