Njinga yamoto ikayamba kunjenjemera mutasintha mashoka a kumbuyo

Ndapemphedwa kuti ndilankhulepo za njinga zamoto, poti kuno ku Ntengo wa Mbalame ndi njinga zimenezi zimene zimatitengera mbatata ya kachewere ndi kabichi ku Biriwiri ndi ku Lizulu, ndiponso ndi zomwezo zimene timathamangira nazo kuchipatala munthu akadwala usiku. Anzathu a ku Furancungo amene mumanyamulirapo fodya, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine. Mashoka a kumbuyo a njinga yanga atatha mphamvu, ndinapita ku Ulongwe kukagula ena, aja m'masitolo amawatchula kuti amortecedor. Akale aja anali otalika masentimita 34 kuchokera pa bowo la bawuti la pamwamba kufika pa la pansi. Atsopanowo anali 36. Wogulitsa anati, "Tengani awa achimwene, aataliwa ndiye abwino pa katundu." Ndinamanga ndekha, ndikukoka tcheni monga ndimachitira masiku onse. Ndili ndekha panjinga zonse zinali bwino. Koma tsiku limene ndinakweza matumba a mbatata, mopondera mapazi munayamba kunjenjemera mpaka miyendo kuchita dzanzi, kumbuyo kukumveka kulira ngati chigayo. Ndinati mwina ndi injini, ndiye ndinasintha pulagi ndi oyilo. Ndalama zinangopita, vuto lili pompo. Patatha masabata awiri tcheni chinaduka ndili pamtsetse, mwamwayi sichinakole wilo. Chikanakola, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulankhula nanu lero.

Cholakwa chinali ichi. Shoka ikakhala yaitali, mkono umene umagwira wilo ya kumbuyo umatsika kwambiri, ndipo tcheni chimaoneka chokhwefuka njinga ikakhala yopanda katundu. Iwe umachikoka poganiza kuti ukukonza. Tsono ukakweza katundu, mkono uja umakwera n'kuwongoka, wilo imatalikirana ndi sipoketi ya kutsogolo, tcheni chija n'kukungika ngati nsambo ya bango. Kunjenjemera kuja kunkachokera pamenepo, ndipo tcheni chokungika chotere chimadyanso masipoketi ndi beringi ya mu giyabokosi.

Ndiye mukaona njinga ikunjenjemera mutangosintha mashoka, musathamangire kumasula injini. Choyamba dziwani kumene vuto likuchokera. Imitsani njinga, ikani nyutulo, muonjezere moto pang'onopang'ono. Ikamanjenjemera itaima chomwecho, yang'anani mabawuti ogwira injini ndi a paipi ya utsi, chifukwa ena amamasula paipi pomanga shoka n'kuiwala kulimbitsa. Ikakhala chete, yendani nayo pamalo osalala, pa liwiro limene imavutira, mugwire kilatchi ndi kutsitsa moto. Kunjenjemera kukapitirira injini ili phee, dziwani kuti nkhani ili ku tcheni, ku wilo kapena ku mashoka komweko.

Pamenepo yambani ndi tcheni. Zungulizani wilo pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene tcheni chalimba kwambiri, poti tcheni chakale sichikutha mofanana ponseponse. Pa njinga zing'onozing'ono zimene timayendera kunozi, pakati pa tcheni payenera kusewera masentimita 2 kapena 3, koma ngati buku la njinga yanu lilipo, tsatirani la m'bukulo. Mukatero, uzani mnzanu wathupi akhale pampando, inu muyesenso ndi chala. Chikakhala gwa ngati chitsulo, masulani pang'ono.

Kachiwiri, onani ngati wilo ya kumbuyo yaima mowongoka. Mbali zonse ziwiri za mkono uja kuli timizere pamene pamakokedwera tcheni. Ngati kumanja muli pa mzere wachitatu, kumanzerenso pakhale pa wachitatu. Timizere tikafufutika, tengani chingwe muchikoke kuchokera ku tayala la kumbuyo kupita ku la kutsogolo, mbali iyi ndi mbali iyo, muone ngati mpata ukufanana. Wilo yopotoka imakokera njinga mbali imodzi ndipo tayala limatha msanga.

Kachitatu, mashokawo. Pansi pa sipuling'i pali kolala wa mano, nthawi zambiri asanu, wolimbitsira kapena kufewetsera. Onse awiri akhale pa dzino limodzi. Ndaonapo anyamata a kabaza wina waika pa loyamba, wina pa lachinayi, kenaka n'kumadabwa kuti njinga ikuvina pokhota. Musasinthenso shoka imodzi n'kusiya inzake yakale chifukwa chopulumutsa mameticais. Onani mabushi a labala a m'mabowo muja ngati alimo ndipo sanang'ambike, mawashala ngati abwerera m'malo mwake, ndiponso ngati sipuling'i sikukhudza chotchingira tcheni kapena paipi ya utsi. Mabawuti a mashoka muzimaliza kulimbitsa njinga itatsika pa sitandi, matayala ali pansi, kuti labala asapotoke.

Kachinayi, ikani njinga pa sitandi yaikulu, mugwire wilo ya kumbuyo ndi manja awiri, muikankhire uku ndi uku. Ikamagwedera, mwina beringi ya wilo yatha kapena mabushi a mkono uja. Menyani masipoko ndi sipanala limodzi limodzi: lolimba limalira mokweza, lokhwefuka limalira mogontha. Zungulizani wilo muone ngati limu silikupinda ndiponso ngati tayala lakhala bwino m'limu. Mkati mwa habu, kuseri kwa sipoketi, muli malabala amene amafewetsa kukoka kwa tcheni. Akatha, njinga imagunda ponyamuka ndi posintha giya. Zinthu zimenezi mwina zinatha kale, koma mashoka akale ofewa aja ankabisa, atsopano olimba ndi amene aulula.

China n'chakuti mashoka aatali amakweza kumbuyo, kutsogolo n'kuwerama, ndiye chiwongolero chimatha kuyamba kugwedezeka mukathamanga. Zikatero musalimbane nazo, bwererani ku muyeso wakale. Ine ndinatero, ndipo masiku ano ndikamakagula ndimanyamula shoka yakale m'thumba kuti ndikafanizire pomwepo. Ndinaphunziranso kuti shoka yaitali siwonjezera mphamvu ya felemu, masipoko kapena mabuleki. Katundu akachuluka, ndi bwino kuyenda maulendo awiri.

Amayi amene mumakwera kabaza ndi mwana kumbuyo, mukamva mopondera mukunjenjemera modabwitsa, muuzeni woyendetsayo aime aone, musachite manyazi. Amene muli ndi mafunso, njinga yanga ili panjapa ndipo sipanala ndabwera nazo, tikatha pano tiyesere limodzi.