KUWEDZA PANSI PA NYANJA YAMCERE NDI NYAMBO YA MTOVU

 Lero tayamba tatula khasu pansi, pakuti nkhani yathu ndi ya asodzi a ku nyanja yamcere. Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yotere, koma anansi athu a ku Mozambique ali nayo, ndipo ena a inu muli ndi ana kapena abale amene alikugwira nchito ku Beira ndi ku Nacala. Kumeneko kuli kawedzedwe kena kamene sikafuna nyongolotsi kapena nsima pa mbedza. Nyambo yace ndi mtovu woumbidwa ngati kansomba, ndipo dzina lace ndi jigi. Msodzi aimiza kufikira pansi peni-peni, ndi kumaidumphitsa, kuti nsomba yaikulu iyese ndi kansomba kofooka. Njirayi si yatsopano ai. Asodzi a ku Norway ndi a ku Newfoundland anayamba kale-kale kugwira nsomba ya cod ndi nyambo zotere, koma majigi ambiri amene ali m'masitolo masiku ano atsata kapangidwe ka ku Japan.

Nsomba zimene zifunidwa ndi zija zikhala m'matanthwe a pansi. Yaikulu mwa izo ndi ija Apwitikizi aicha garoupa, yamutu waukulu ndi kukamwa kotakata. Aswahili aicha chewa, koma musadabwe, palibe cibale pakati pa nsombayi ndi Acewa a kuno kwathu.

Tsopano mverani bwino, cifukwa apa ndi pamene anthu ambiri ataya ndalama. Munthu akalowa m'sitolo amathamangira jigi yokongola, yamawanga-mawanga. Koma cinthu coyamba kuyang'ana ndico kulemera kwace, kumene kulembedwa pa jigi pomwepo m'magalamu. Jigi imene siifika pansi iribe nchito, ngakhale iwale ngati kalilole. Asodzi ozolowera ali ndi muyeso wosabvuta kukumbukira: magalamu 100 pa mamita 30 ali onse a kuya kwa madzi. Ndiye kuti pa madzi a mamita 30 muyambe ndi jigi ya magalamu 100, ndipo pa mamita 60 mutenge ya magalamu 200.

Muyeso umenewu ndi poyambira cabe, cifukwa madzi a nyanja yamcere saima. Amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira, mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa madzi okwera ndi ophwa kupitirira mamita 6. Madzi ocuruka cotere akamayenda amakoka cingwe mwamphamvu, mphepo nayonso irikukankha bwato. Cifukwa cace yang'anani cingwe canu pamene calowera m'madzi. Cikaima ciriri, jigi yanu iri bwino. Cikayamba kupendekera kutali ndi bwato, dziwani kuti jigi yanyamuka pansi ndipo irikungouluka pakati pa madzi, kumene garoupa sapitako. Ena amangoonjezera cingwe, koma kutero ndi kukwekweza jigi m'miyala kufikira itakodwa. Kokani, mumangepo yolemera, ya magalamu 250 kapena 300. Nkwabwino kugula majigi atatu osiyana kulemera koposa kugula asanu olingana amene angosiyana maonekedwe.

Kaumbidwe ka jigi kali ndi mbali yace. Yaitali ndi yoonda imaboola madzi ndi kumira msanga, ndiyo ya madzi akuya ndi othamanga. Yaifupi ndi yaphanthi-phanthi imatsika mopepeluka ngati tsamba, ndipo nsomba za pansi ziikonda kwambiri, koma iyenera pamene madzi adekha.

Za maonekedwe ndinena pang'ono. Madzi amameza kuwala kwa dzuwa, ndipo kufiira ndiko kuyamba kuzimirira, mamita 10 asanakwane. Pa mamita 50 jigi yofiira imangooneka yakuda. Yonyezimira ngati siliva, kapena ija iwala mu mdima, ikwanira.

Tibwere ku cingwe. Cingwe cocindikala cimakokedwa kwambiri ndi madzi, motero cifuna jigi yolemera koposa. Ndico cifukwa cace amene ali ndi ndodo ndi kagudumu kokulungira amagula cingwe colukidwa, cimene ndi cing'ono, colimba ndi cosatamuka, kotero kuti jigi ikagunda pansi dzanja limamva pomwepo. Cina cimasintha maonekedwe pa mamita 10 ali onse, ndipo msodzi amadziwa kuya kwa madzi pongowerenga. Bvuto lace ndi lakuti cikakhuza mwala cimaduka. Motero kunsonga kwace mulumikizeko nailoni yocindikala ya mamita 3 kufikira 5, kuti ndiyo idzikumana ndi miyala ndi mano a nsomba. Mfundo iri yonse muinyowetse ndi malobvu musanaikoke, cifukwa nailoni youma imapsa pokhuzana ndi kufooka. Ndipo cingwe colukidwa musacikulunge ku dzanja jigi ikakodwa, cimaceka ngati lumo. Cikulungeni ku kamtengo, mukoke ndi kamtengoko. Asodzi a m'ngalawa amene awedza ndi manja okha agwiritsa nchito nailoni yocindikala, ndipo ambiri abvala mphira ku cala.

Pomanga jigi pali nzeru imene ndifuna muimvetse. Majigi akale anali ndi mbedza ya mano atatu kumcira. Pa mcenga mbedza yotere iribe mlandu, koma pa matanthwe ndiyo iyamba kufika pansi, ndipo imagwira mwala. Masiku ano mbedza iikidwa kumutu, pa kacingwe kakafupi kolimba. Pafunika timphete tiwiri. Koyamba ndi kosatseguka, ndipo pa iko mumangepo nailoni yanu pamodzi ndi kacingwe ka mbedza. Kaciwiri ndi kopotana, konga kaja tiikapo makiyi, ndipo kalumikiza jigi ku kamphete koyamba. Mukatero, nsomba ikagwidwa imakoka cingwe mwacindunji, jigi imangolendewera pambali, ndipo nsomba singaigwiritse nchito ngati cotukulira kuti izule mbedza. Ubwino wina ndi wakuti mungathe kusintha jigi osadula mfundo. Kacingwe ka mbedza kasafike kumcira. Kalekezere capakati pa jigi kapena kumtunda pang'ono. Kukamwa kwa mbedza kukhale kotakata kuposa thupi la jigi, cifukwa mbedza yaing'ono imakumbatira jigi ndipo nsomba ikaluma sigwidwa.

Jigi ikagunda pansi musaileke igone. Inyamuleni nthawi yomweyo, muzitukula ndi kuileka igwe, mukukwera pang'ono-pang'ono kufikira mamita 10, kenaka muibwezenso pansi. Nsomba zambiri ziluma pamene jigi irikugwa. Cingwe cikalefuka mwadzidzidzi jigi isanafike pansi, kokani, pali mwini. Garoupa akamva mbedza amathamangira ku una wace, ndipo akalowamo amatambasula makha ndi kudzikanikiza. Pamenepo mwataya nsomba ndi jigi yomwe. Musampatse cingwe m'mamita oyambawo.

Nsomba yoturuka pa madzi akuya kawiri-kawiri imafika pamwamba itatupa mimba, maso ataturuka. Si nthenda ai. Iri ndi thumba la mpweya m'mimba, limene lifufuma pamene kupsinja kwa madzi kulikucepa. Nyama yace ndi yabwino, koma nsomba yotere ikabwezedwa m'madzi imalephera kumira. Motero mukaona kuti zirikugwidwa ndi zazing'ono zokha-zokha, sunthani bwato mupite pena.

Pobwera kumtunda tsukani majigi, mbedza ndi timphete m'madzi akumwa, muziumitse. Mcere umabweretsa dzimbiri msanga, ndipo kamphete kadzimbiri kamathyoka tsiku limene mwagwira nsomba yaikulu.

Ndiri ndi mau ena kwa inu azimai. Popeza majigi ndi okwera mtengo, ena amaumba ao posungunula mtovu wa m'mabatire akutha. Mtovu ndi poizoni, ndipo umaononga ubongo wa ana. Ife a mu Zambia tidziwa zimenezi, cifukwa mgodi wa mtovu wa ku Kabwe, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lace linapitirira kudwalitsa ana a m'makomboni oyandikana nao zaka zambiri pambuyo pace. Musalole kuti mtovu usungunulidwe m'nyumba kapena mu mphika wophikira, musalole mwana kusewera ndi jigi kapena kuiika m'kamwa, ndipo bambo akagwira majigi asambe m'manja ndi sopo asanakhale pa nsima.