Mwana Wodwazika Matenda Ndi Mwanabe

M'midzi ya Kasungu muno, kwa Kaomba ndi kwa Santhe, muli ana amene akudwazika agogo awo pamene akuluakulu atanganidwa ndi fodya. Mwana wotere amatunga madzi, amaphika phala, najomba kusukulu.

Malamulo sanamuiwale. Chiyambire 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la maphunziro la 2013 limalamula kuti mwana aliyense aphunzire pulaimale. Banja losaukitsitsa, lopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, lingathe kulembedwa pa Mtukula Pakhomo, thandizo limene linayambira ku Mchinji mu 2006.

Tsono inu atsogoleri a nthambi, inu aphunzitsi, musangomutama kuti ngolimba mtima. Lembani dzina lake, mukalipereke ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma, kuti mwanayo abwerere m'kalasi.