Mendulo ya msilikali si mbasela

Inu a pa Cropping kuno ku Mfuwe, a ku Kapata ndi Saturday Market ku Chipata, ndi inu amene mpunga wa kuno kucigwa umakupezani ku Soweto mu Lusaka, zikomo pondipatsa makutu. Ndidziwa makasitomala ayembekeza, sinidzakucedwetsani.

Lelo nifuna tikambe za mamendulo a asilikali. Wina adzati, manje ife ogulitsa tomato zitikhudza bwanji? Zikukhudzani, amai. Mwana amene ali ku Gondar Barracks uja munamuphunzitsa ndi ndalama ya kapenta. Akavala yunifomu mumayenda naye mutu uli m'mwamba. Akapita kunja kukasunga mtendele, amene sagona tulo ndinu.

Pamsika mudziwa zinthu ziwili. Pali cimene munthu walipila, pali mbasela. Mbasela ni yabwino, imasunga kasitomala, koma palibe amene amaima n'kunyada kuti ndalemela ndi mbasela. Ku usilikali nakonso mamendulo ali mitundu iwili, ndipo cimene cinibvuta n'cakuti ife anthu wamba sitiuzidwa kusiyana kwake.

Mtundu woyamba ni wa kupezekapo. Asilikali athu akhala akupita ku Central African Republic kuyambila 2015, ku dela la Birao. Lamulo la United Nations n'lakuti ukakwanitsa masiku 90 pa nchito yosunga mtendele, ulandila mendulo. Onse alandila: wa pa geti, wophika, woyendetsa galimoto, mkulu wao. Ine sinitsutsa zimenezo. Kusiya mkazi ndi ana n'kukakhala m'dziko la nkhondo si masewela, ndipo wophika akalephela nchito yake gulu lonse lagwa. Azigogo athu amene anapita ku Burma ndi Northern Rhodesia Regiment anabwelako ndi Burma Star, ndipo inali ya aliyense amene anatumikila kumeneko. Maina a Arakan, Chindwin, Tug Argan, Gondar amene mumamva pa mabalaki athu ni malo amene nkhondo ija inamenyedwela. Mendulo yotele imangonena kuti uyu analiko.

Mtundu waciwili ni wina. Mvelani nkhani iyi. Mu November 2018, kufupi ndi Beni ku Congo, asilikali a Malawi ndi a Tanzania anali kumenyana ndi zigawenga za ADF. Msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, anawombeledwa n'kugwa poyela, zipolopolo zikali kugwa. Mnyamata wa ku Malawi, Private Chancy Chitete, anacoka pamene anabisala, anamukoka mnzakeyo kumufikitsa pabwino, n'kuyamba kumumanga mabala. Ali pa nchito imeneyo anawombeledwa, n'kufa. Omary anapulumuka. Mu May 2019 banja la Chitete linalandila ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ya kulimba mtima kwapadela. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa mu 2014, ndipo kupatula banja la Diagne mwini wake, palibe anailandila kufikila Chitete. Zaka zonsezo inali khale m'kabati. Sanati caka catha, tiyeni tipeze womupatsa. Ndipo onani udindo wake: Private, wa pansi penipeni, wopanda nyota paphewa. Mneba wathu, wa kuseli kwa Mwami border apa.

Manje tibwele kwathu. Caka ciliconse pa 25 May ndi pa 24 October, Pulezidenti amapeleka ulemu ku State House. Pali Order of the Eagle of Zambia, pali Order of Distinguished Service, palinso mendulo ya kulimba mtima. Ambili amene amalandila ni oyenela, sinifuna kunyoza munthu. Koma funso langa, kwa boma ili ndi lililonse lidzabwela, n'lakuti: dzina limayenda bwanji kucoka m'thengo kufika pa pepala lija? Ngati liyenda cifukwa munthu wafika pa udindo wakuti, kapena wakwanitsa zaka zakuti, kapena adziwana ndi wolemba maina, ndiye kuti amene ali pafupi ndi ofesi adzakhala akudzaza cifuwa, amene ali kutali n'kumangoombela m'manja.

Ndipo kutali ni kuno. Pa 6 March 1978 asilikali a Rhodesia anaukila Kavalamanja, kumunsi kwa cigwa cino m'boma la Luangwa. Kunafa asilikali athu ndi anthu a m'midzi. Kumapeto kwa ma 1980 RENAMO inali kulowa m'midzi ya m'malile, ku Chadiza, Katete, Petauke, ndipo anyamata athu anagona m'maenje kuteteza anthu. Kodi ndani pano angachule dzina la Private mmodzi wa nthawi imeneyo? Ine nikufunsani, inunso mukafunse ana anu a sukulu.

Kuno ku Mambwe tilinso ndi ena onyamula mfuti amene sitimawawelengela. Ma wildlife police officer ndi ma scout a m'midzi ya a Kakumbi, a Nsefu, a Mnkhanya, a Malama amalowa mu South Luangwa masiku angapo wapansi, kukumana ndi mapocha a mfuti, njovu, njati. Njovu ikalowa m'munda usiku, ndi iwo amene timathamangila, ngakhale kuti masana timawadandaula. Si asilikali, nizoona. Koma amene wacotsa mwana pakamwa pa ng'ona mu Luangwa, cimene wacita cisiyana pati ndi ca Chitete?

Cimene nipempha si cobvuta. Mendulo ya kutumikila ipitilize, aliyense alandile yake pa nthawi yake, popanda kupempha kapena kugwada. Koma ya kulimba mtima ikhale ndi nkhani yake yolembedwa: anacita ciani, kuti, tsiku liti, mboni ndani. Nkhaniyo iwelengedwe pa ZNBC m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, onse timve. Anzake a m'gulu aloledwe kupeleka dzina, osati akulu-akulu cabe. Caka cimene palibe woyenela, isapelekedwe. Ndipo mwini wake akafa, mkazi wamasiye asamayende ndi mendulo m'cikwama kupita ku Lusaka kukalondola ndalama za mwamuna wake.

Pa 24 October, tsegulani wailesi pa tebulo panu pomwepo. Pamene achula maina, welengani kuti a Private ndi a Corporal ni angati, ndipo ni angati amene mwauzidwa cimene anacita. Yankho mukampatse MP wanu akabwela kudzagula ndiwo.